Namgumi wa Nsungwi

Nyanja yamchere sindinaionepo, ndipo mmene zinthu zikuyenderamu sindikhulupirira kuti ndidzaiona. Kwathu kuno ku Chidzolomondo madzi ochuluka ndi a m'dambo nthawi ya dzinja, ndipo nsomba yaikulu imene ambiri aife timaidziwa ndi karapau wa m'katoni amene amagulitsa pamsika wa ku Furancungo. Koma amene anachotsetsa atate anga pa ukulu wa mpingo ndi namgumi, chinyama cha m'nyanja yomwe sitinaioneyo. Papita nthawi ndithu, koma ndikaiganiza nkhaniyi mkwiyo umandibwerera ngati zachitika dzulo, ndipo chondiwawa kwambiri n'chakuti sindimudziwa weniweni woti ndimukwiyire.

Ine ndine mphunzitsi wamkazi pa sikola ya m'mudzi mwathu momwemu. Mlongo wanga, mzime kwathu, anapita kukasaka ntchito kugombe la Inhambane, ndipo anaipeza pa boti lonyamula alendo okaona anamgumi. Nyengo yozizira, ife tikamakolola chimanga ndi kuwotha moto m'mawa, anamgumi amafika kugombe limenelo kudzaberekera ana. Munthu amene ali mwana ankalira powoloka mtsinje wolekeza m'mawondo anasanduka mlaliki wa zinyama za m'madzi. Telefoni kwathu imagwira pachulu cha kumbali kwa sikola pokha, ndiye ndikakwera pachulupo ndinkapeza mavidiyo ake atandandalika, limodzi ndi mauthenga aatali ngati ulaliki wa pamaliro.

Ndi iye amene anandifotokozera kuti kale anthu a zombo zikuluzikulu anapha anamgumi osawerengeka pofuna mafuta ndi nyama yogulitsa, mpaka mitundu ina inatsala pang'ono kutheratu. Kenako mayiko anagwirizana zoletsa kupha anamgumi pofuna malonda. Koma alipo ena amene akuphabe, ndipo alipo amene sagona tulo kufuna kuti chiletsocho chichotsedwe. Poyamba ndinkangomuyankha kuti eya, eya, monga mmene timayankhira mwana akamafotokoza maloto ake.

Chimene chinandigwira ndi vidiyo imodzi. Namgumi wamkazi, wamkulu kuposa boti limene mlongo wanga anakweramo, ankakankhira mwana wake pamwamba pa madzi ndi mphuno kuti apume. Namgumi si nsomba ayi. Amapuma mpweya womwe timapumawu, ndipo amayamwitsa. Mkazi aliyense amene anaberekapo amakadziwa kanthawi kaja kodikira kuti khanda lilire. Ndinaionera vidiyoyo mobwerezabwereza mpaka moto wa m'telefoni unatha, ndipo ndinatsika pachulupo ndili ndi chisoni chenicheni poganiza kuti alipo munthu amene angalase chinyama chotere ndi mkondo wa mfuti kuti akagulitse nyama.

Ndiye tsiku limene mlongo wangayo anaimba n'kundipempha, anapeza khomo lili lotsegula kale.

"Mana," anatero, monga mmene amatchulira mlongo wamkulu pa Chipwitikizi, "kukubwera msonkhano wa mayiko wokambirana za chiletso chija. Gulu lathu loteteza anamgumi likufuna masikola ayende marsha, chionetsero cha pamsewu, ngakhale a kutali ndi nyanja, kuti akuluakulu aone kuti dziko lonse likukana. Inu mungotitumizira fotu imodzi yabwino."

"Fotu yokha basi?"

"Fotu yokha, mana. Makartazi, mapepala a uthenga onyamula m'manja aja, tikutumizirani ife."

Makartaziwo anafikadi. Anayenda pa shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Furancungo, n'kudzatsirizira pa mota, njinga yamoto, ndipo pofika m'manja mwanga anali atafiira ndi fumbi. Mawu ake anali a Chipwitikizi cha kuofesi, chimene ngakhale ine ndinachiwerenga modekha. Namgumi amene anajambulapo anali wamng'ono ngati chala changa.

Ndinayamba ndi ana a m'kalasi mwanga. Nditajambula namgumi pabolodi anati ndi mlamba. Ndinawatulutsa panja, n'kulemba mzere pansi ndi ndodo kuyambira pakhomo la kalasi mpaka pamtengo wa mango, ndipo ndinawauza kuti utali wake ndi umenewo. Anauyang'ana mzerewo, ine n'kumati tsopano zalowa. Kenako wina kumbuyo anati, "A porofesora, ndiye ameneyo ndiwo zake mudzi wonse ungadye mpaka dzinja." Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Kumjigo nako nkhani inali itafika kale. Mayi wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa anandifunsa uku akupukusa madzi, "Anyani atha chimanga kumunda kwanga, palibe wabwera ndi kartazi. Lero tizilirira nyama ya kunyanja ya eni?"

Mawu amenewo anandinyansa. Ndili m'njira ndi ndowa pamutu ndinaganiza kuti anthu sangamvere chisoni chinthu chimene sanachione. Vidiyo ya m'telefoni singakwanire mudzi wonse. Ndinatsimikiza mtima kuti ngati anthu sangapite kwa namgumi, ndimubweretsa namgumiyo pamsika, wamkulu woti aliyense amuone. Adiretori, akulu a sikola yathu, anavomera msanga atamva kuti fotu idzafika kutali.

Wondimangira sindinamusake kutali. Atate anga ndi mmisiri wa nsungwi. Nkhokwe zambiri m'mudzi mwathu, madengu a mbatatesi, zitete, ngakhale makola a nkhunda, zinadutsa m'manja mwawo. Mbiri yawo aliyense wamkulu amaidziwa. Ali mnyamata, nkhondo isanafike, analowa gule wamkulu monga anyamata onse a nthawi imeneyo. Nkhondo itatithamangitsira ku Malawi, cha ku Dedza kumene ine ndinabadwira, anasiya za gule n'kubatizidwa. Pobwerera anapeza mudzi uli tchire lokhalokha, ndipo anali m'gulu la amene anaumba njerwa za tchalitchi chathu nyumba zawo zisanathe kufoleredwa. Kuyambira pamenepo anali mkulu wa mpingo. Ankaweruza nkhani za mabanja, ankapempherera odwala, ankalalikira abusa akakhala kumipingo ina. Amayi atamwalira ndinaona ndi maso anga kuti chimene chinkawadzutsa atate m'mawa ndi mpingowo.

Ndinawaonetsa vidiyo ija ali pakhonde. Anaigwira telefoni ndi manja awiri, n'kuitalikitsa kumaso, ndipo anandiuza kuti ndiibwereze.

"Ndiye pali anthu amene amapha chimenechi?"

"Alipo, atate."

"Chikuyamwitsa chonchi?"

"Eya."

Anapukusa mutu. "Kadule nsungwi kudimba kwanga. Usankhe zokhwima."

Malo anasankha okha. Kuseri kwa sikola kuli mitengo ya bulugamu yothinana, ndipo anati pamenepo ndi pabwino chifukwa nsungwi zong'amba zikakhala padzuwa zimauma msanga n'kumathyoka pozipinda, komanso mbuzi sizifikako. Analetsa ana kuyandikira chifukwa ankaponda nsungwi ndi kuseweretsa mpeni. Zifukwa zonsezi zinali zoona. Koma taganizani zimene anthu ankaona. Inali nyengo ya pambuyo pa zokolola, pamene ng'oma za gule zimamveka m'midzi yoyandikana nafe. Kuseri kwa mitengo imeneyo kumadutsa njira ya kumanda. Ndiye m'mawa uliwonse nkhalamba imene kale inali ya gule inkalowa m'mitengomo ndi nsungwi paphewa, n'kumathamangitsa ana, n'kumatuluka dzuwa litapendeka osauza munthu chimene ikupanga.

Ine zimenezo sindinazione. Ndinakulira m'tchalitchi, ndipo za gule ndimadziwa kuthawa kokha. Ndimadziwa kuti kuli dambwe, malo obisika kufupi ndi manda kumene amuna a gule amakasonkhana, ndi kuti kumatuluka zilombo zikuluzikulu, zina zazitali ngati nyumba. Zotsalazo akazi sitiyenera kuzidziwa, ngakhale tonse timazidziwa. Koma m'mutu mwanga munadzaza namgumi, ndipo ndikapita kukawaperekera madzi akumwa ndinkangoona kukongola kwa ntchito. Anapinda nsungwi kukhala nthiti, zazikulu pakati, zocheperachepera kumchira. M'kati anapingasa mitengo yopepuka yoti onyamula aziika pamapewa. Pamwamba tinakuta ndi ziguduli zakale za fodya zimene tinadetsa ndi makala osinja, ndipo kumimba tinasokerera matumba oyera a adubu, feteleza uja. Manja awo ankathamanga kuposa mmene amachitira poluka nkhokwe. Sindinawaonepo akusangalala ndi ntchito chotero chimwalirire amayi.

Nditatumiza fotu ya ntchitoyo ili pakati, mlongo wanga anasangalala, koma anawonjezera pempho. "Mana, miyendo ya ana isaoneke. Aoneke ngati akusambira, osati ngati wanyamulidwa."

Ndinawauza atate. Anasiya kumanga, luzi lili m'kamwa.

"Miyendo isaoneke?"

"Akutero. Namgumi alibe miyendo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali mawu amene akuwayeza kulemera. Kenako analavula luzi lija n'kunena kuti, "Bweretsa khonje wambiri." Anapota khonjeyo n'kumulendeweretsa kuzungulira thupi lonse mpaka kukhudza pansi. Ine ndinaombera m'manja.

Tinasankha tsiku la msika kuti anthu achuluke. Ana akuluakulu a kalasi yomaliza, anyamata ndi atsikana omwe, analowa m'kati. Ena ananyamula makartazi. Adiretori anatulutsa ng'oma ya sikola kuti marsha ikome, ndipo anaipereka kwa ana amene m'makutu mwawo munali maimbidwe amene ankawamva kumidzi ina nyengo yonseyo.

Namgumi anatuluka m'mitengo ya bulugamu cha kummawa, dzuwa litangoyamba kutentha. Anali wakuda, wamtali, akugwedezeka uku ndi uku chifukwa ana a m'kati sankaona bwino njira, khonje akukokota pansi n'kumautsa fumbi. Kunena zoona anali wokongola, ndipo ine ndinali patsogolo ndikuyenda monyada. Titakhota kulowa pamsika, mayi wina wogulitsa tomato anadzutsa mutu, anakuwa, n'kuliyatsa liwiro. Anzake sanadikire kufunsa. Chilombo chikatulukira mkazi safunsa dzina lake, amathawa. Malichero anagubuduka, nyemba zinamwazika, ana a kumsana anayamba kulira. Akhristu ena anatembenuka kuyang'ana kumbali kuti asaone za gule. Amayi achikulire angapo a kumidzi ya gule anachita zimene anazolowera, anaima chapatali n'kuyamba kuomba m'manja ndi kuyambitsa nyimbo.

Nyimboyo sinapite patali. M'kati mwa namgumi munkatentha, ndipo mtsikana wina anakankha khonje, n'kutulutsa mutu, kenako thupi lonse, akuseka ndi kudzipepesa mphepo ndi dzanja. Mnzake anatsatira. Manja a amayi aja anaima m'malere. Amuna amene anakhala pa bawo pansi pa mtengo anaimirira onse.

Ine ndinakwera pabenchi la wogulitsa sopo n'kuyamba mawu amene ndinawakonzekera sabata yonse. Ndinanena za zombo, za chiletso, za namgumi woyamwitsa. Ndinakweza mawu mpaka kummero kunandiwawa. Amene anandimvetsera mpaka kumapeto anali bambo mmodzi woledzera, amene ankavomereza chiganizo chilichonse n'kumati zoona zimenezo. Kartazi palibe anaiwerenga. Adiretori anajambula fotu yawo, n'kunena kuti ana abwerere kusikola msanga. Atate anaima patali, pafupi ndi chigayo, chipewa chili m'manja.

M'mawa mwake kunabwera mkulu wina wa kumudzi wa kutsidya, mnzawo wa atate wa paubwana, amene sanasiye gule. Ndinali nditapita kukawasesera atate pakhomo, ndiye ndinamva zonse. Anapatsana moni bwinobwino, anafunsana za zokolola, kenako mlendoyo anatsitsa mawu.

"Anzanga, munatisiya kalekale, ndipo sitinakuletseni. Koma dzulo mwatenga za kumanda n'kukaziyanika pamsika. Mwalowetsamo ndi ana aakazi omwe."

"Chija si chilombo," anatero atate. "Ndi namgumi, nyama ya m'nyanja."

"Dzina mukhoza kuchipatsa lililonse. Mapindidwe a nthiti aja tinaphunzira limodzi, inu ndi ine. Chitentheni, nkhani ithere pomwepa. Achinyamata kwathuko mitima ili m'mwamba, ndikuchita kuwagwira."

Ndinafuna kuloweramo, koma atate anandiyang'ana ndi diso lija limene limakubwezera mawu m'mimba. Mlendo atapita atate anandiuza mwachidule kuti ndi mmene zimakhalira kumeneko, gule akatha chilombo amachitentha.

Uthenga wa kumpingo unafika tsiku lomwelo. Akulu a mpingo anawaitana atate kuti akaonekere pamaso pa anzawo. Ine sanandiitane, koma ndinapita, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anandisiya panja nthawi yaitali ndikuwotha dzuwa, kenako anandilola kulowa. Atate anali atakhala pa benchi payekha, moyang'anana ndi anthu amene akhala nawo mbali imodzi kwa zaka zonsezi.

Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Ndinanena kuti wopempha ndine, kuti nsungwi ndinadula ndine, kuti za khonje zinachokera kwa mlongo wanga. Ndinatulutsa telefoni n'kuwaonetsa vidiyo. Inayenda dzanja ndi dzanja. Mkulu wina anavala magalasi ake, anaonera mpaka kumapeto, n'kunena kuti chilengedwe cha Mulungu n'chodabwitsa ndithu. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

"Koma mayi," anatero amene ankatsogolera zokambiranazo, "nkhani yathu pano si ya nsomba."

"Si nsomba, abambo. Amayamwitsa."

Uphunzitsi ndi matenda. Ngakhale pamalo ngati amenewo ndinalephera kuleka kukonza yankho lolakwa, ndipo ndinaona nkhope zawo zikuuma.

"Kaya amayamwitsa kaya amaikira mazira," anapitiriza, "chimene anthu anaona ndi mkulu wa mpingo akubisala m'mitengo ya kumanda, n'kutulutsamo chinthu chobisa miyendo, ng'oma ili pambuyo. Akhristu athu akufunsa. Amene tinawauza kuti asiye gule akutiseka. Tiwayankha chiyani?"

"Muwayankhe zoona. Muwauze kuti ndi phunziro la sikola."

Wina amene anakhala kumapeto, munthu amene atate anamuphunzitsa okha za ubatizo, analankhula osayang'ana aliyense. "Madzi saiwala khwawa."

Ndinalakalaka nditamugenda munthuyo ndi telefoni yomweyo. Chigamulo chinali chakuti Lamulungu likudzalo atate atenthe chinthucho pabwalo la tchalitchi anthu onse akuona, ndipo aime kutsogolo n'kuvomera kuti anabwerera ku ntchito za gule. Akatero adzakhululukidwa n'kupitiriza udindo wawo. Akakana, atule pansi ukulu.

Chibadwire changa sindinamvepo tchalitchi ndi dambwe zikugwirizana pa kanthu. Pa namgumi wanga zinagwirizana, mbali zonse zinkafuna moto.

Kwa ine nkhaniyo inali yosavuta. Fotu inali itajambulidwa ndi kutumizidwa kale, ntchito ya namgumi inali itatha. Tili m'njira ndinayamba kuwanyengerera.

"Atate, ndi nsungwi chabe ndi ziguduli. Tenthani, anthu atseke pakamwa."

"Ndipo ndikaime kutsogolo ndinene kuti ndinabwerera ku gule?"

"Mungonena kuti munalakwitsa."

"Sananene choncho. Unawamva." Anayenda pang'ono, kenako anaima. "Tsiku lija unandiuza za miyendo, ndinaona kumene zikupita. Ndinati mtima wanga ndi woyera, Mulungu akuudziwa, ndipo anzanga akundidziwa. Kumanga ndinamanga mmene manja anga amadziwira, chifukwa manja ena ndilibe. Koma kudambwe chomalizira ndi moto. Ndikayatsa moto uja ndiye kuti ndatsiriza mwambo wonse, kuyambira kumitengo mpaka kuphulusa. Pamenepo chidzakhaladi chilombo. Ndiye ndikanamenso m'nyumba ya Mulungu kuti ndisunge mpando?"

"Ndiye nditentha ndine."

"Adzati nkhalamba yachita manyazi, yatuma mwana. Usachikhudze."

Ndinalira ndi mkwiyo panjira pomwepo. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, mawu amene sindinawauzepo chibadwire. Anangoti, "Unatengera kwa yani?" n'kupitiriza kuyenda.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinakwera pachulu paja kuti ndimuuze mlongo wanga, koma anayamba ndiye kulankhula, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo.

"Mana, fotu yanu yafika kutali! Anthu a kunja akuitumizirana. Akuti taonani, ngakhale alimi a kumapiri a ku Tete adzuka chifukwa cha anamgumi."

Anaitumiza kuti ndione mmene anaikonzera. Namgumi anali pakati, wakuda, wokongola, fumbi lili mbuu. Chakumbali kunkaoneka amayi akuthamanga, manja ali m'mwamba. Pansi pake analembapo m'Chipwitikizi kuti anthu a m'mudzi akuthamanga ndi chimwemwe polandira namgumi.

"Akufunsa ngati mungajambule ina," anapitiriza, "dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, chifukwa iyi yada pang'ono."

Ndinamuuza zonse, za pamsika, za mkulu wa kutsidya, za chigamulo. Nditamaliza anati, "Koma mana, simungawafotokozere kuti ndi edukasau, maphunziro chabe? Anthu akwathu nawonso, mpaka liti?"

"Anthu akwanu ndi ati? Iwe unabadwira m'madzi? Khonje uja anapempha ndani?"

"Ine sindinaganize kuti..."

"Palibe anaganiza. Iwe sunaganize, ine sindinaganize. Amene anaganiza ndi atate okha, ndipo ndi amene akulipira."

Telefoni inaduka, kaya ndi mphepo kaya ndi iye. Ndinakhala pachulupo ndikutukwana chamumtima. Anthu a gulu lake sindinganene kuti ndi oipa. Chimene amamenyera n'choona, ndipo mpaka lero ndikamva kuti kwinakwake akuphabe anamgumi zimandipweteka. Koma anapempha fotu kwa anthu amene sanawafunse n'komwe kuti kwanuko chinthu chachikulu chikamayenda chopanda miyendo chimatanthauza chiyani. Akulu a mpingo nawo anaona vidiyo ndi maso awo, anamudziwa munthu amene anaumba naye njerwa, koma anaopa pakamwa pa anthu. Aliyense anali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo zifukwa zonsezo zinagwera pamutu pa nkhalamba imodzi.

Adiretori, amene masiku apitawo ankadzitama ndi fotu, ananditumizira mawu kuti chinthucho chichoke pa sikola chisanabweretse mavuto. Palibe kholo limene likanalola mwana wake kuchinyamulanso. Tinachikoka awiri, ine ndi atate, Loweruka masana anthu akuonerera m'makonde mwawo, mpaka kuseri kwa nkhokwe yawo. Mchira unathyoka panjira. Atate anaumanganso ndi luzi tisanalowe m'nyumba kukamwa madzi. Mkulu wa kutsidya uja anabweranso kamodzi, anachiyang'ana, anayang'ana atate, n'kubwerera osakhala pansi. Chiyambire tsiku limenelo akakumana panjira amangokwezerana dzanja.

Lamulungu linafika. Pabwalo la tchalitchi wina anali ataunjika kale mapesi ouma, kuti mwina nkhalamba isintha maganizo usiku. Atate anavala jekete lawo, anadutsa pa mapesiwo osawayang'ana, n'kulowa. Sanapite kutsogolo. Anakhala pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa. Pa nthawi ya zolengeza anawerenga mawu ochepa, akuti bambo wakutiwakuti apumula pa udindo wa ukulu kufikira mpingo udzaonenso. Anthu anayang'ana pansi. Ine ndinali pakati pa amayi, ndipo nyimbo yotsatira sindinaimbe.

Mapemphero akatha, akulu a mpingo amatsalira m'tchalitchi kukambirana za odwala, za maliro, za mabanja amene akugwedezeka, ndipo kawirikawiri amatuluka dzuwa litapendeka n'kupita kukayendera anthu. Tsiku limenelo anthu anatuluka, ine ndinaima panja kudikira, koma atate sanatuluke. Nditasuzumira ndinawaona atakhalabe pa benchi lawo lakumbuyo, chipewa pabondo, akudikira kuti zokambirana ziyambe. Akulu aja anali kutsogolo, atasonkhana, osayamba kulankhula, wina akutsegulatsegula buku lake, wina akuyang'ana kudenga. Panapita kanthawi atate asanazindikire kuti akuluwo akudikira kuti iwo atuluke. Anaimirira pang'onopang'ono, anawerama pang'ono kulozera kutsogolo monga mwa ulemu, n'kutuluka.

Chikulire changa ndinali ndisanayendepo nawo kuchokera kutchalitchi tsiku la Lamulungu, chifukwa nthawi zonse ankatsalira. Tinayenda iwo patsogolo ine pambuyo. Kunyumba ndinawaphikira, anadya pang'ono, anavula jekete n'kulipachika pamsomali. Anakhala pakhonde. Anaimirira kukayang'ana mbuzi, zimene zinali bwinobwino, n'kubwerera. Anatenga mpeni wawo wa nsungwi, kenako anakumbukira kuti ndi Lamulungu, n'kuubwezera pamalo pake. Anayang'ana dzuwa, limene linali likadali pamutu.

"Mwanawe," anatero, "sindinkadziwa kuti masana a Lamulungu ndi aatali chonchi."

Ndinakoka mpando n'kukhala nawo mpaka dzuwa linapendeka.